Bwalo litauma ndi chisanu ku Green Bay mu 1967: lipoti kwa osamalira mabwalo ndi oyendetsa masewero

Lamulungu pa 31 Disembala 1967, matimu awiri a mpira wa ku America, Green Bay Packers ndi Dallas Cowboys, anakumana pa bwalo la Lambeau Field mumzinda wa Green Bay, m'chigawo cha Wisconsin, kulimbirana ukatswiri wa ligi ya NFL. Green Bay inapambana 21 kwa 17, ndipo chigoli cha chipambano chinalowa kutatsala masekondi 13. Eni akewo amawatcha masewerowa Ice Bowl, ndipo akamawakamba amathamangira pa chigoli chomalizacho. Ine ndikuwalemba ngati nkhani ya bwalo, chifukwa tsikulo aliyense, kuyambira wosamalira kapinga mpaka woyimbira, anapanga ziganizo zake poyang'ana nthaka imene inkasintha masewero ali m'kati. Mayina a anthu ndawasiya. Ndiziwatchula ndi ntchito zawo, poti ntchitozo ndi zimene zikutikhudza.

Mpira umenewu ambirife timangouona pa kanema mwa apo ndi apo, choncho ndiyambe ndi malamulo ochepa amene nkhaniyi yatsamirapo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, pafupifupi mamita 91, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli dera la chigoli. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti ipite patsogolo mayadi 10, kaya pothamanga nawo kapena pouponya. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kulowa ndi mpira m'dera la chigoli, kumene amati touchdown, ndi mapointi 6, ndipo kuumenya pakati pa mizati pambuyo pake kumawonjezera 1. Kungoumenya pakati pa mizati osalowa nawo ndi mapointi 3. Wotchi ndiye muigwiritsitse: imaima ngati mpira woponyedwa wagwa osawakhidwa, kapena wonyamula mpira watuluka kunja kwa mzere, koma munthu akagwetsedwa m'kati mwa bwalo imangoyendabe. Masewero amakhala ndi zigawo zinayi, ziwiri pa theka lililonse, ndipo timu ili ndi mwayi woimitsa wotchiyo katatu kokha pa theka lililonse.

Chinanso: mpata uliwonse umayamba ndi zimphona za mbali zonse zitawerama moyang'anizana, kenako n'kukankhana mwadzidzidzi. Mphamvu yonse ya kukankhako imachokera pamene phazi laponda. Phazi likaterereka, kaya munthu ndi wolemera makilogalamu 115, kanthu palibe.

Mmene zinthu zinalili masewero asanafike

Green Bay ndi mzinda waung'ono wa m'mbali mwa nyanja ya Michigan, nthawi imeneyo anthu ake anali osafika 100,000, koma timu yake inali itatenga ukatswiri mu 1965 ndi 1966 ndipo inkafuna wachitatu wotsatizana. Dallas inali timu yatsopano, yoyamba kusewera mu 1960, yochokera ku Texas kumene chisanu choopsa sachidziwa kwenikweni. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, pa 1 Januwale 1967, matimu omwewa anakumana m'ndime yomaliza ku Dallas ndipo Green Bay inapambana 34 kwa 27. Aphunzitsi awo ankadziwana bwino, anagwirapo ntchito limodzi ku New York Giants m'zaka za m'ma 1950, wina akuphunzitsa omwetsa zigoli, wina oteteza.

Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti mphunzitsi wa Green Bay analinso mkulu woyendetsa kalabu yonse. Iye ndiye anagula makina otenthetsa bwalo mu 1967, opangidwa ndi kampani ya General Electric, pa mtengo wa madola 80,000. Anali mawaya a magetsi otalika pafupifupi makilomita 22 onse pamodzi, okwiriridwa masentimita ngati 15 pansi pa kapinga. Cholinga chinali choti nthaka isamaume gwa m'miyezi yozizira. Ankawanyadira kwambiri makinawa, ndipo Loweruka, Dallas itabwera kudzayeserera pa bwalolo, nthaka inali bwinobwino. Kunkazizira, koma kuzizira kopiririka. Onse anapita kokagona mtima uli m'malo.

Apa ndiye poyamba kuika chizindikiro. Makinawa anali asanakumanepo ndi chisanu choposa muyezo, chifukwa chinali chaka chawo choyamba. Zimene anthu anaona Loweruka zinangotsimikiza kuti makina amagwira ntchito pa tsiku longa Lowerukalo, basi.

Usiku ndi m'mawa

Usiku bwalo linafunditsidwa chinsalu chachikulu cha lona, makina ali oyaka pansi. Chiganizo chimenechi sichinali chopusa. Chinsalu chimatchinga chipale chofewa kuti chisagwere pa kapinga, komanso chimasunga kutentha kochokera pansi. Wosamalira bwalo aliyense wa kumadera ozizira akanachita chimodzimodzi.

Koma usiku womwewo kunalowa mphepo yozizira koopsa yochokera kumpoto, yoposa zimene anthu ankayembekezera. Pofika nthawi yoyamba masewero, 1 koloko masana, kunali madigiri 25 pansi pa ziro, kapena -13 pa sikelo ya Fahrenheit imene amagwiritsa ntchito kumeneko, ndipo chifukwa cha mphepo thupi linkamva ngati kwadutsa -35. Mpaka lero awa ndiwo masewero a NFL amene anayamba kukuzizira kwambiri pa sikelo. M'mawa umenewo magalimoto a osewera ena a Green Bay anakana kulira, mmodzi anachita kuimitsa galimoto ya munthu wongodutsa kuti amuperekeze ku bwalo, ndipo ena ankaganiza kuti masewero alephereka.

Pansi pa chinsalu paja pankachitika izi. Mawaya ankatenthetsa nthaka yonyowa, nthunzi inkakwera, n'kukagunda chinsalu chozizira kwambiri, n'kusanduka madontho, monga mmene amachitira madzi pansi pa chivundikiro cha mphika wa nyemba. Madonthowo ankagwera pa kapinga. Chinsalu chili pomwepo, chinyezicho sichinkavuta. Atangochichotsa, kapinga wonyowayo anakumana ndi mpweya wa -25, ndipo pamwamba pake panayamba kuundana. Ena amanena kuti makina anawonongeka, ena amati ankagwira ntchito koma chisanu chinawaposa mphamvu. Kwa munthu woponda pamenepo n'chimodzimodzi: kutentha kochokera masentimita 15 pansi sikukanapikisana ndi mphepo imene inkawomba pamwamba.

Osewera ena a Dallas anakayikira kuti mwina eni bwalo azimitsa dala makinawo kuti timu yawo, imene inkadalira liwiro, ivutike. Umboni wa zimenezo sunapezeke, ndipo mwini makinawo ndi amene anachita nazo manyazi kwambiri. Komabe kukayikirako kuli ndi gwero lake. Mphunzitsi wa timu imodzi akakhala kuti ndiyenso mwini wa switchi ya bwalo, mlendo sangalephere kuganiza zoipa. N'chifukwa chake kuyendera bwalo kumayenera kuchitika pamaso pa matimu onse awiri ndi woyimira ligi, ndipo zimene zapezeka zizilembedwa pomwepo.

Chachiwiri choti tione ndi chakuti bwalo silinaume lonse nthawi imodzi. Poyamba masewero madera ambiri anali ofewa ndithu. Linkauma pang'onopang'ono, ndipo pamene mthunzi wa mipanda ya bwalo unkafika ndi pamene pankauma msanga. Kumapeto kwa Disembala dzuwa la ku Wisconsin limadutsa m'munsi ndipo limalowa isanakwane hafu pasiti folo, choncho mthunzi unkakula masewero akupita. Mbali ya kumwera ndiyo inaipa kwambiri, ndipo n'kumene kunathera masewero.

Chiganizo choti masewero achitike

Ligi inalola kuti masewero achitike. Zoikakamiza zinalipo zambiri: matikiti anali atagulidwa, kanema wa CBS anali wokonzeka kuulutsa dziko lonse, ndipo wopambana ankayenera kukasewera Super Bowl yachiwiri, masewero olimbana ndi akatswiri a ligi inzake ya AFL, ku Miami pa 14 Januwale. Anthu 50,861 analowa m'bwalo.

Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino zinaoneka nthawi yomweyo. Woyimbira mmodzi ataimba wezulo wake wachitsulo poyamba masewero, wezuloyo anamatirira ku milomo. Pomuchotsa khungu linang'ambika, ndipo magazi m'malo motsika anaundana pomwepo. Oyimbira onse anagwirizana zosiya mawezulo, ndipo masewero onse anawayendetsa ndi pakamwa ndi manja. Tiganizire zimenezi bwino. M'masewero oti anthu amagundana ndi thupi lonse, wezulo ndiye amauza wosewera kuti leka, mpata watha. Popanda wezulo, ngozi yoti wina agunde mnzake amene waleka kale kudziteteza imakula. Oyimbirawa anachita bwino kusintha msanga ndi kuchitira limodzi, koma kachipangizo kotsika mtengo kuposa zonse pa bwalopo n'kamene kanayamba kufooka, ndipo panalibe amene anakaganizira.

Gulu loimba malipenga la ophunzira a yunivesite ya ku La Crosse linayenera kusangalatsa anthu pa nthawi yopuma. Poyeserera, zitoliro zinaundana, malipenga ankamatirira ku milomo, ndipo ena mwa ana a sukuluwo anawatengera ku chipatala thupi litazizira mopitirira. Chionetserocho chinalephereka. Wowulutsa mawu wina wa pa kanema anaseketsa anthu ponena kuti aluma khofi wake, poti anali ataundana m'kapu. Koma si zonse zinali zoseketsa. Munthu mmodzi wachikulire mwa oonerera anamwalira chifukwa cha kuzizirako.

Maganizo anga pa chiganizochi ndi awa. Funso limene linafunsidwa linali lakuti kodi osewera angathe kusewera, ndipo yankho linali inde, movutikira. Funso limene linafunika kulemera mofanana ndi lakuti kodi anthu 50,000 angathe kukhala pansi maola atatu osasuntha. Wosewera amathamanga, akatuluka amapeza chotenthetsera m'mbali mwa bwalo, ali ndi dokotala pafupi, komanso ndi mnyamata wamphamvu. Gogo wokhala pamwamba pa sitandi alibe chilichonse mwa zimenezi. Woyendetsa masewero amayang'anira onse amene alowa pa geti, osati 22 okha a m'bwalo.

Masewero akutsatira nthaka

Mukayang'ana nthawi imene zigoli zinalowa, muona kuti zinkayenda ndi mmene bwalo linalili. Nthaka ikadali yofewa, Green Bay inasewera mpira wake wa masiku onse. Quarterback wawo, amene ndiye woponya mpira komanso woitana mtundu wa sewero, anaponyera wowakha mmodzi yemweyo kawiri, koyamba mayadi 8 m'chigawo choyamba, kachiwiri mayadi 46 m'chigawo chachiwiri. Zinali 14 kwa 0, ndipo zinkaoneka ngati nkhani yatha.

Kenako manja anayamba kufa dzanzi. Ambiri ankasewera opanda magolovesi, ndipo thupi likazizira kwambiri limachotsa magazi ku zala kuti liteteze mtima ndi mapapo, moti munthu samvanso chimene wagwira. Quarterback wa Green Bay anagundidwa pafupi ndi chigoli chake, mpira unamupulumuka, woteteza wa Dallas anautola n'kuthamanga nawo mayadi 7 kukagoletsa. Posakhalitsa wina wa Green Bay, katswiri wodziwika kuti sagwetsa mpira, anaphonya mpira wokwezedwa m'mwamba, ndipo Dallas inamenya wa mapointi 3 kuchokera pa mayadi 21. Popita kopuma zinali 14 kwa 10. Mapointi 10 onsewo Dallas inawapeza kuchokera m'manja mwa eni bwalo.

Chisanu chinaululanso chinsinsi cha Dallas. Wowakha mpira wawo wa liwiro kwambiri, amene anapatapo mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 100 ku Olympics ya ku Tokyo mu 1964, ankabisa manja m'buluku sewero likakhala loti mpira sudzabwera kwa iye, n'kuwatulutsa likakhala lake. Oteteza a Green Bay anazindikira, ndipo munthu amene ankamuopa kwambiriyo sanawavutitsenso. Aphunzitsi, nyengo ikavuta muziyang'ana osewera anu ngati mmene mdani akuwayang'anira.

Kuyambira pakati pa chigawo chachiwiri, omwetsa zigoli a Green Bay anangoti kakasi. Tsiku lonse quarterback wawo anagwetsedwa kasanu ndi katatu asanaponye mpira. Ndipo pa sewero loyamba la chigawo chachinayi Dallas inachita ukathyali wabwino: anapatsa mpira wothamanga nawo, iye analowera kumanzere ngati athamanga, oteteza anamuthamangira, ndipo iye anauponya mayadi 50 kwa mnzake amene anali yekhayekha. Dallas inatsogola 17 kwa 14. Pa nthaka yoterera, woteteza akaponda kulowera kutsogolo sangabwerere msanga, ndipo seweroli linadyera pomwepo.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani ya nsapato. Timisomali ta pansi pa jombo timathandiza pamene tikulowa m'nthaka. Nthaka ikauma ngati simenti, munthu amangoima pa nsonga za timisomalito. Zimenezi ligiyi inkazidziwa kale. Pa 9 Disembala 1934, m'ndime yomaliza ku Polo Grounds mumzinda wa New York, a Giants anali kumbuyo kwa Chicago Bears pa bwalo loundana, anabwereka nsapato za basketball ku Manhattan College, anazivala m'theka lachiwiri, n'kumwetsa mapointi 27 m'chigawo chomaliza chokha, kupambana 30 kwa 13. Koma vuto la 1967, mmene ndikulionera, linali lovutirapo. Pamene bwalo lina ndi lofewa, lina louma, ndipo malire ake akusuntha ndi mthunzi, palibe nsapato imodzi yoyenera ponseponse. Woyang'anira zovala ayenera kukhala ndi mitundu iwiri m'mbali mwa bwalo, ndipo wina aziyendera nthaka pa nthawi yopuma.

Mphindi 4 ndi masekondi 50

Green Bay inalandira mpira komaliza pa mzere wa mayadi 32 a mbali yawo, kutatsala 4:50, chigoli chili mayadi 68 kutsogolo. Othamanga ndi mpira awo awiri odalirika anali atavulala m'kati mwa chaka, ndipo mmodzi mwa amene ankasewera tsikulo anali munthu woti timu ina inamutaya, iwo n'kumutola masabata ochepa m'mbuyomo.

Chimene chinasintha pa ulendo umenewu n'chakuti quarterback analeka kufunafuna mipira italiitali, n'kuyamba kumvera zimene anzake ankamuuza akasonkhana. Othamanga awiri amene anali m'bwalo anamuuza kuti oteteza a pakati a Dallas akubwerera m'mbuyo kwambiri, ndipo akafuna kutembenuka akuterereka, choncho angowaponyera mpira waufupi m'mbali. Nzeru yake ndi yosavuta: pa ayezi, amene akudziwa kumene akupita ali ndi mwayi kuposa amene akudikira kuti aone kaye. Anayamba ndi mayadi 6, kenako 7, kenako 13 kwa wowakha uja wa zigoli ziwiri, amene pogwa anamenyetsa mutu pa nthaka youmayo n'kutuluka. Sewero lotsatira linabwerera m'mbuyo mayadi 9, bwalo lonse linangoti zii. Mipira iwiri yaifupi, wa mayadi 12 ndi wa 9, inabweza zonsezo. Kenako wotoledwa uja anawakha mpira kumanzere, woteteza anaterereka, iye anathamanga mayadi 19 n'kutuluka kunja kwa mzere kuti wotchi iime. Anali pa mayadi 11.

Apa quarterback anatulutsa sewero limene analisunga tsiku lonse. Woteteza wamphamvu kwambiri wa Dallas anali wachangu pounguza, akaona womutchinga akuchoka kulowera kumbali ankamutsatira nthawi yomweyo. Ndiye anauza womutchingayo kuti achoke dala. Chimphona chija chinamutsatira, pamalo pake panatsala mpata, ndipo wothamanga anadutsa pomwepo mayadi 8. Sewero lina linawafikitsa pa yadi imodzi, ndi mipata inayi yatsopano.

Ndiye anali atafika kumwera kuja, mu mthunzi, pamene panali pouma kuposa paliponse. Anapatsa mpira wothamanga, sanapite. Anaimitsa wotchi. Anamupatsanso, phazi linaterereka asanafike n'komwe pa mzere, moti anachita mwayi kuti mpira sunamupulumuke. Anaimitsanso wotchi, ndipo uwu unali mwayi wawo womaliza woimitsa. Kunatsala masekondi 16, mpata wachitatu, chigoli chili posakwana yadi imodzi. Osewera a mbali zonse ankakumba nthaka ndi zidendene kufuna popondera.

Njira zinalipo zitatu. Yoyamba, kumenya wa mapointi 3, zikhale 17 kwa 17, apite ku nthawi yowonjezera kumene woyamba kugoletsa ndiye wapambana. Yachiwiri, kuponya mpira: ukawakhidwa apambana, ukagwa wotchi iima ndipo akadali ndi mpata wachinayi womenyera wa mapointi 3. Yachitatu, kuthamanga nawo: akalowa apambana, akagwetsedwa wotchi ipitirira ndipo nthawi yoti omenya mpira alowe m'bwalo siikanakwana. Buku lililonse la uphunzitsi likanasankha yachiwiri, ndipo mphunzitsi wa Dallas ankayembekezera yomweyo.

Quarterback asanapite kwa mphunzitsi wake anafunsa kaye wa pamzere wa kudzanja lamanja ngati angapeze popondera kuti akankhe kamodzi kokha. Iye anati angathe, anali atapeza kadzenje kokwana phazi. Funsoli linali ndi chifukwa. Poonera mafilimu a Dallas sabata imeneyo, anaona kuti woteteza amene ankaima moyang'anizana naye, munthu wamtali, ankadzuka msanga mpira ukakhala pafupi ndi chigoli, moti zinali zotheka kumulowa pansi. Kenako quarterback anapita m'mbali n'kuuza mphunzitsi kuti sewero lokankha pakati lingatheke, vuto ndi loti othamanga akuyambira patali ndipo akuterereka asanafike, koma iye waima pa mzere pomwepo, akhoza kungosuntha mapazi n'kudziponya. Mphunzitsi sanatalikitse. Anamuuza kuti achite zomwezo, anthu azipita kwawo.

Atabwerera, anaitana sewero lokankha pakati lija osauza anzake kuti mpira sapereka. Wa kumanja uja ndi wa pakati anakankha limodzi woteteza wamtaliyo, iye anasunthira m'mbuyo, ndipo quarterback anadziponya pa mpatawo n'kugwera m'kati. Wothamanga wotoledwa uja, amene ankaganiza kuti mpira apatsidwa iye, analephera kuima pa ayezi n'kugwera pamsana pa quarterback manja ali m'mwamba. Anthu ambiri poona chithunzi chake amaganiza kuti akukondwerera chigoli. Iye ankaonetsa oyimbira kuti sakumukankha mnzakeyo, chifukwa nthawi imeneyo kukankha wonyamula mpira kunali kulakwa. Munthu woti zala sakuzimva, masekondi akutha, n'kukumbukira lamulo laling'ono chotero, ameneyo anaphunzitsidwa bwino.

Kodi chiganizocho chinali cholondola?

Kupambana sikutsimikiza kuti chiganizo chinali chabwino. Phazi la wa kumanja uja likanaterereka, mphunzitsi yemweyo akanatchedwa wosaganiza, ndipo onena akanakhala ndi mfundo. Ena amamuikira kumbuyo ponena kuti kumenya mpira pa ayezi kunali kosatheka, koma mpira wa pointi yowonjezera umene anamenya pambuyo pa chigolicho unalowa bwinobwino. Iye mwini anauza atolankhani, mwina moseka, kuti anamvera chisoni oonerera, sanafune kuti akhalenso nthawi yowonjezera. Ngakhale zikhale nthabwala, mfundo ilimo: bwalo linkaipiraipira, kuzizira kunkawonjezeka pamene dzuwa linkapendeka, ndipo nthawi yowonjezera ikanakhala ya mwayi chabe.

Chimene ndikuona kuti n'chotengera si kulimba mtima kwake ayi, koma kumene uthenga unachokera. Unayambira ku phazi la munthu amene ankaponda malo enieniwo, n'kupita kwa quarterback amene anaona anzake akuterereka kawiri, n'kukafika kwa mphunzitsi, amene anali wodziwika ndi ukali koma anavomera osatsutsa. Yerekezani ndi ziganizo za usiku ndi m'mawa. Zija zinatsamira pa makina a madola 80,000, pa zimene zinaoneka dzulo lake, ndi pa ulosi wa nyengo. Palibe cholakwika kudalira zimenezo, koma zonse zinkanena za bwalo la maola apitawo.

Kwathu kuno madzi saundana pa bwalo, koma bwalo losintha masana timalidziwa. Mu Januwale mukhoza kuyendera kapinga 10 koloko m'mawa n'kusaina kuti zonse zili bwino, mvula n'kugwa 2 koloko, pofika chigawo chachiwiri pagolo pali dziwe. Mu Okutobala kapeti wa pulasitiki amene anali wozizira m'mawa amawotcha mapazi masana. Choncho kuyendera kwa m'mawa kusamakhale komaliza. Yenderaninso kutatsala pang'ono kuyamba, komanso pa nthawi yopuma, ndipo funsani agoloboyi ndi oteteza a pakati, amene amaponda pamene pamaonongeka msanga. Ngati mumafunditsa bwalo, dziwani kuti pansi pa chinsalu pamasonkhana chinyezi, ndipo nthawi yochotsera chinsalucho ndi chiganizo pachokha, osati ntchito yongotuma anyamata. Gwirizananinso masewero asanayambe kuti ndani ali ndi mphamvu yoimitsa, ndipo aimitsa zikafika pati, chifukwa geti likatsegulidwa ndipo makamera ayaka, aliyense amaopa kukhala woyamba kunena kuti tileke.

Zimene zinatsatira

Dallas inayesa kuponya kawiri m'masekondi otsalawo, osaphula kanthu, ndipo ochemerera anakhamukira m'bwalo n'kugwetsa mizati. Osewera angapo a mbali zonse anapsa zala za m'manja ndi za kumapazi ndi chisanu. Woteteza wa pakati wa Green Bay zikhadabo za kumapazi zinamuthothoka, ndipo ena anakhala zaka zambiri akudandaula kuti kukangozizira zala zimawapweteka. Patatha masabata awiri Green Bay inagonjetsa Oakland Raiders 33 kwa 14 ku Miami, ndipo posakhalitsa mphunzitsi uja anatula pansi udindo wophunzitsa timuyo. Dallas inadikira mpaka Januwale 1972 kuti itenge chikho chake choyamba.

Mawaya a magetsi aja anakhalabe pansi pa Lambeau Field mpaka 1997, pamene anawachotsa n'kuika mapaipi oyendamo madzi otentha osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana. Mawezulo a masiku ano ndi a pulasitiki, mabenchi a osewera amatenthetsedwa, ndipo magolovesi ambiri amavala. Mbali ya zipangizo ndi ya osewera inakonzedwa ndithu.

Mbali ya oonerera ndiyo sinasunthe kwenikweni. Pa 10 Januwale 1982 ku Cincinnati kunaseweredwa masewero ena akuluakulu pa -23, mphepo ikuwomba koposa ya ku Green Bay. Pa 13 Januwale 2024 Kansas City Chiefs ndi Miami Dolphins anasewera pa -20, ndipo patapita masabata chipatala china cha ku Kansas City chinalengeza kuti chinadula zala anthu amene anapsa ndi chisanu m'masiku amenewo, ena mwa iwo anali oonerera masewerowo. Kumapeto kwa sabata komweko ligi inasuntha masewero a ku Buffalo kuchoka Lamulungu kupita Lolemba, koma chifukwa chake chinali chipale chofewa chimene chinatseka misewu, osati kuzizira.